Mkombero wa batani: mafunso ndi mayankho pa kajambulidwe ka kona zobulungira m'mapulogalamu a pafoni

Tsegulani foni yanu muyang'anitsitse batani lotumizira uthenga, kabokosi kolembamo nambala yachinsinsi, kapena kakhadi koonetsa ndalama zotsala. Pafupifupi chilichonse chili ndi kona zobulungira, ndipo zambiri zili ndi kamzere kozungulira m'mphepete ngati mkombero wa lichero. Kwa wogwiritsa ntchito foni, zimenezi n'zosaoneka n'komwe. Koma kwa wolemba mapulogalamu, kamzere kameneka kamatha kumudyera tsiku lathunthu. M'nkhani ino tayankha mafunso omwe amabwera kawirikawiri kwa amene ayamba kumene ntchitoyi, ndiponso kwa ena omwe ayenda nayo ndithu.

Kodi tikamati radius ya kona timatanthauza chiyani?

Pitani kwa kalipentala pamene akumaliza tebulo la ana. Safuna kuti kona isongoke, kuopa ingadzavulaze mwana pamphumi. Amatenga chivindikiro cha chitini, n'kuchikhazika pakona mpaka chitakhudza mbali ziwiri za thabwa, n'kulemba ndi pensulo mozungulira, kenako n'kudula motsata mzerewo. Chivindikiro chikakhala chachikulu, kona imakhota pang'onopang'ono. Chikakhala cha botolo, kona imakhota mofulumira. Mtunda wochoka pakati pa chivindikirocho kufika m'mphepete mwake ndiwo radius.

Foni imachitanso chimodzimodzi. Mukalemba kuti radius ndi 12, mwaiuza kuti ikhazike chozungulira cha msinkhu umenewo pa kona iliyonse, n'kutaya kansonga kotsala kunja. Pa Android manambalawa amawerengedwa mu dp, pa iPhone mu point. Cholinga chake n'choti batani lioneke lalikulu mofanana pa foni ya sikirini yamadontho ochepa ndi ya madontho ambiri. Pa sikirini ya madontho 160 pa inchi, 1dp ndi pixel imodzi. Pa ya madontho 480, 1dp ndi ma pixel atatu.

Pali malire amodzi: radius singapose theka la mbali yaifupi. Batani lotalika 48dp kuchoka pansi kufika pamwamba silingakhote kuposa 24dp. Likafika pamenepo limaoneka ngati kapisozi wa mankhwala, ndipo kupitirira apo palibenso malo okhotera.

Zinayamba bwanji kuti kona zizibulungira pakompyuta?

Mu 1981, Bill Atkinson wa ku Apple anali atangolemba khodi yojambula zozungulira mofulumira pakompyuta. Malinga ndi mmene mnzake wa pantchito Andy Hertzfeld anafotokozera pambuyo pake, Steve Jobs ataona ntchitoyo anapempha kuti kompyutayo izijambulanso mabokosi a kona zobulungira. Atkinson anaona ngati n'zosafunika. Jobs anamutenga kukayenda naye panja, n'kumamulozera zinthu za kona zotere, mpaka chikwangwani cha pamsewu choletsa kuimika galimoto. Atkinson anavomera, ndipo posakhalitsa anabwera ndi njira yake. Maonekedwe amenewa analowa mu khodi yojambulira yotchedwa QuickDraw, ndipo Macintosh itatuluka mu 1984 mabatani ake anali a kona zobulungira.

Mfundo ya Jobs inali yoona. Zinthu zomwe manja athu amagwira tsiku ndi tsiku, mbale, sopo, mpini wa khasu, foni yeniyeniyo, zilibe nsonga zobaya. Diso likaona kona yofewa pasikirini, chala chimamva kuti apa n'pokhudza.

Njira yachidule yojambulira mkombero wotere ndi iti?

Zimatengera chida chomwe mukugwiritsa ntchito. Pa Android ya kalembedwe kakale mumapanga fayilo ya XML yotchedwa shape drawable, ndipo mkati mwake mumaika zinthu zitatu: solid wa mtundu wodzaza mkati, stroke wa kukhuthala ndi mtundu wa mzere, ndi corners wa radius. Mu Jetpack Compose, yomwe Google inaitulutsa mokhazikika mu 2021, mumagwiritsa ntchito Modifier.border n'kuipatsa kukhuthala, mtundu ndi RoundedCornerShape.

Pa iPhone, ngati mukulemba ndi UIKit, view iliyonse ili ndi layer, ndipo pa layer imeneyo mumasintha cornerRadius, borderWidth ndi borderColor. Mu SwiftUI, yomwe inabwera mu 2019, muli msampha womwe umakola ambiri: lamulo la border limajambula bokosi la kona zosongoka basi, ngakhale mutabulungiza chinthucho. Chofunika ndi kusanjika RoundedRectangle pamwamba pake kudzera mu overlay, n'kuijambula ngati mzere.

Mu Flutter mumagwiritsa ntchito BoxDecoration yokhala ndi border ndi borderRadius, kapena RoundedRectangleBorder. Mu React Native ndi borderWidth, borderColor ndi borderRadius. Mayina ndi osiyana, koma funso ndi limodzi kulikonse: maonekedwe ndi otani, mzere ndi wokhuthala bwanji, ndipo ukhala pati.

Bwanji mzere wanga ukuoneka wodukaduka m'mbali, kapena wonenepa m'makona mokha?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kusukulu tinaphunzira kuti mzere ulibe kunenepa. Pasikirini uli nako. Mzere wa 4dp ndi kamsewu kokhala ndi mbali ziwiri, yakunja ndi yamkati. Mukauza foni kuti ijambule mzere motsata njira inayake, zida zambiri zimayendetsa burashi pakati penipeni pa njirayo: theka la utoto limagwera mkati, theka kunja. Umu ndi mmene drawRoundRect ya pa Canvas ya Android imachitira, komanso stroke ya SwiftUI.

Tsono taganizani kuti mwajambula mzere wa 4dp m'malire enieni a view yanu. 2dp yagwera kunja, ndipo ngati chilichonse chotuluka kunja chikudulidwa, m'mbali zowongoka mutsala 2dp yokha. Koma pakona mzere umakhotera mkati, kutali ndi malire, ndiye sudulidwa wonse. Zotsatira zake ndi mkombero woonda m'mbali, wotupa m'makona, ngati mpendero wosokedwa ndi telala wothamangira kuweruka.

Mankhwala ake ndi kulowetsa njirayo mkati ndi theka la kukhuthala kwa mzere. Mzere wa 4dp, lowetsani ndi 2dp mbali zonse zinayi. Musaiwale kuchepetsanso radius ndi 2dp yomweyo: ngati mukufuna kuti kunja kukhote ndi 12dp, njira ya burashi ikhote ndi 10dp. Mu SwiftUI ntchito imeneyi imachitika yokha mukalemba strokeBorder m'malo mwa stroke. Mu Flutter, BorderSide ili ndi strokeAlign yosankhira mkati, pakati kapena kunja. Modifier.border ya Compose ndi borderWidth ya UIKit zimajambula mkati kale. Ndipo ngati pulani yachokera kwa wojambula wa pa Figma, mufunseni kuti mzere wake anauika mkati, pakati kapena kunja, chifukwa kumenekonso njira zitatuzi zilipo.

Ndaika chithunzi mkati mwa khadi, zonse radius 16, koma kona sizikugwirizana. Ndalakwitsa pati?

Mwalakwitsa popereka nambala imodzi kwa zinthu ziwiri zomwe sizili pamalo amodzi. Onani bwalo la mpikisano wothamanga: kanjira kamkati kamakhota mofulumira, kakunja kamakhota motambasuka, koma tonse timazungulira malo amodzi apakati. N'chifukwa chake mpata wa pakati pa tinjirato susintha.

Kona ziwiri zolowana zimafuna zomwezo. Lamulo lake ndi ili: radius yamkati ndi radius yakunja kuchotsapo mpata wa pakati pake. Khadi la radius 16, chithunzi chili 4dp mkati, ndiye chithunzicho chikhale ndi radius 12. Mukachipatsa 16, mpata wa pakona umatutumuka kuposa wa m'mbali, ndipo diso limaona kuti pali cholakwika ngakhale mwini diso sangathe kuchitchula. Mpata ukaposa radius yakunja, kona yamkati imakhala yosongoka, kapena mungaibulungize pang'ono chabe.

Lamulo lomweli limagwiranso pa mkombero weniweniwo. Mzere wa 4dp wokhota ndi 12dp kunja umakhota ndi 8dp mkati. Kona iliyonse yokhala ndi mkombero ili ndi ma radius awiri. Amene wamvetsa zimenezi wathana ndi theka la mavuto a ntchitoyi.

Nanga mtundu wamkati kapena chithunzi chikamasuzumira kunja kwa mkombero?

Kujambula mkombero si kudula. Mukaika felemu yozungulira pa chithunzi cha kona zinayi, nsonga zake zimatulukabe kuseri. Kudula kumafuna lamulo lakelake: clip mu Compose, clipShape mu SwiftUI, masksToBounds kapena clipsToBounds mu UIKit, ClipRRect mu Flutter, overflow hidden mu React Native. Pa Android ya kalembedwe kakale pali clipToOutline, yomwe inabwera ndi Android 5.0 mu 2014.

Mu Compose ndi SwiftUI, ndondomeko ya malamulo ndi yofunika kwambiri, chifukwa amatsatana ngati mmene mwawalembera. Mu Compose, mukaika clickable patsogolo pa clip, kafunde kamene kamaoneka chala chikakhudza kamadzaza bokosi lonse mpaka m'nsonga. Mukayamba ndi clip, kafundeko kamathera m'mkombero. Chimodzimodzi padding: ikakhala patsogolo pa border imasiya mpata kunja, ikakhala pambuyo imasiya mpata mkati.

Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Ndinali nditamaliza batani lobiriwira lotumizira fomu, ndipo pakompyuta yanga linkaoneka bwino. Nditaliika pa foni n'kulikhudza, kwa kamphindi kochepa kona zinayi zotuwa zinatulukira kunja kwa mkombero, n'kuzimiririka nditachotsa chala. Ndinatha madzulo onse ndikusinthasintha manambala. Vuto silinali m'manambala. Mtundu wamkati unali ndi maonekedwe ake, mkombero ake, ndipo kafunde kokhudza kanalibe n'komwe. Nditapanga maonekedwe amodzi, n'kuwapatsa dzina, n'kuwapereka kwa zonse zitatu, vutolo linatheratu.

Limeneli ndilo langizo lalikulu la nkhani ino. Maonekedwe akhale amodzi, olembedwa pamalo amodzi, ndipo ntchito zinayi zizitunga pachitsime chomwecho: kudzaza mtundu, kudula zotuluka, kujambula mkombero ndi kuponya mthunzi. Tsiku lomwe mudzafune kusintha 12 kukhala 16 mudzasintha malo amodzi, ndipo palibe chidzatsalire.

Nditadula kona, mthunzi wa khadi wasowa. Wapita kuti?

Mwaudula nokha. Mthunzi umakhala kunja kwa malire a chinthu, ndipo lamulo lodula silisankha: chilichonse chakunja limachotsa. Izi zimachitika kwambiri mu UIKit mukayatsa masksToBounds. Njira yodziwika ndi kugwiritsa ntchito view ziwiri: yakunja yonyamula mthunzi, yosadulidwa, ndi yamkati yonyamula chithunzi ndi mkombero, yodulidwa. Yakunjayo muipatse shadowPath ya maonekedwe omwewo, kuti foni isamavutike kuwerengera yokha mthunziwo. Mu SwiftUI ikani shadow pambuyo pa clipShape. Mu Compose shadow ikhale patsogolo pa clip, ndipo muipatse shape yomweyo.

Ndingabulungize bwanji kona zina n'kusiya zina?

Kabokosi kotuluka pansi pa sikirini kamafuna kona ziwiri zapamwamba zokha. Pa Android, corners ya XML ili ndi topLeftRadius ndi zinzake zitatu. RoundedCornerShape ya Compose imalandira nambala ya kona iliyonse payokha, ndipo imazitchula kuti topStart ndi topEnd, kuti pulogalamu ikamasuliridwa m'Chiarabu, cholembedwa kuchoka kumanja, kona nazo zitembenuke. UIKit ili ndi maskedCorners kuyambira iOS 11, SwiftUI ili ndi UnevenRoundedRectangle, ndipo Flutter ili ndi BorderRadius.only.

Mu Flutter chenjerani ndi chinthu chimodzi: mukapatsa mbali za mkombero mitundu yosiyana n'kuwonjezapo borderRadius, idzakukanizani. Chifukwa chake n'chomveka. Pakona pomwe wofiira ukukumana ndi wabuluu, wina athere pati? Mukafunadi zotere, muyenera kujambula nokha.

Kujambula ndekha kumatheka bwanji, monga kabokosi ka uthenga kokhala ndi kamchira?

Apa mumasiya maonekedwe okonzedwa kale n'kulemba njira yanu, yomwe zida zonse zimaitcha path. Zili ngati kulondolera munthu wogwira cholembera: yambira apa, wongola mpaka apo, khota, tsika, khotanso, tulutsa kamchira, bwerera, tseka pomwe unayambira. Malamulo ake ndi moveTo, lineTo, arcTo ndi close, kapena ofanana nawo. Mu SwiftUI mumalemba Shape yanu, mu Compose GenericShape, mu UIKit UIBezierPath yoikidwa pa CAShapeLayer. Mu Flutter mumalemba ShapeBorder, yomwe imakufunsani njira yakunja kudzera mu getOuterPath, yamkati kudzera mu getInnerPath, ndi kajambulidwe kudzera mu paint. Onani kuti Flutter nayo ikuvomereza kuti mkombero uli ndi mbali ziwiri.

Cholakwa chofala ndi kujambula bokosi padera, kamchira padera, n'kuzimata. Mtundu wamkati umabisa chimatocho, koma mkombero umachiulula, chifukwa mzere wa bokosi umadutsa pakhosi pa kamchira. Njira ikhale imodzi yotsekeka, kuti burashi izungulire thupi ndi mchira osanyamuka.

Mukafuna kukhota kopanda arcTo, pali mizere ya Bézier, yotchedwa dzina la Pierre Bézier, injiniya wa ku Renault yemwe ankaigwiritsa ntchito pokonza matupi a galimoto m'zaka za m'ma 1960. Kuti mzere wotere ufanane ndi gawo limodzi la magawo anayi a chozungulira, timadontho tiwiri towongolera timaikidwa pa mtunda wa radius kuchulukitsa ndi 0.5523 kuchoka kumapeto kulikonse.

Pomaliza, musalembe msinkhu wa chinthucho ngati nambala yokhazikika. Gogo akakulitsa zilembo pa foni yawo, batani limakula, ndipo njira yanu iyenera kukula nalo. Mu UIKit ikonzeninso mu layoutSubviews, pa Android mu onSizeChanged. Musapange Path kapena Paint yatsopano mkati mwa onDraw, chifukwa sikirini yojambula maulendo 60 pa sekondi imakupatsani pafupifupi mamilisekondi 16 okha pa ulendo uliwonse.

Nanga mkombero wa timizere todukaduka, kapena wa mitundu yosungunukirana?

Wodukaduka, monga wa pamalo oika chithunzi, umapezeka ndi dashWidth ndi dashGap mu XML, dashPathEffect mu Compose, StrokeStyle mu SwiftUI, ndi lineDashPattern mu UIKit. Flutter ilibe wokonzeratu. Mumayeza njirayo ndi PathMetric n'kumadula tizidutswa.

Pali kanthu komwe ambiri amakaphonya: pomwe mzere wayambira ndi pomwe wathera pamakumana timizere tosalingana. Tiwerengere limodzi. Njira ya 200 m'litali, 48 m'lifupi, radius 12. Mbali zinayi zonse ndi 496. Kona iliyonse imadya 12 mbali ziwiri, ndiye tichotse 96, kutsale 400. Kona zinayi pamodzi ndi chozungulira chimodzi, pafupifupi 75.4. Zonse ndi 475.4. Ngati kamzere ndi 6, mpata 4, ndiye 10 alowamo ka 47 n'kutsala theka. Gawani 475.4 ndi 48, mupeza pafupifupi 9.9. Chepetsani mpata ufike 3.9, ndipo pokumanira sipadzaonekanso.

Wa mitundu yosungunukirana ndi wosavuta mu Compose, pomwe border imalandira Brush, ndi mu SwiftUI, pomwe strokeBorder imalandira LinearGradient. Mu UIKit mumajambula CAGradientLayer n'kuiphimba ndi CAShapeLayer kuti ioneke pa mzere pokha.

Bwanji kona za pa iPhone zimaoneka zofewa kuposa zanga, pomwe radius ndi imodzi?

Kona ya chivindikiro chija ili ndi kachilema kobisika. Mzere umayenda mowongoka, kenako mwadzidzidzi n'kuyamba kukhota ndi mphamvu zonse. Woyendetsa njinga sachita choncho: amapendeketsa chiwongolero pang'onopang'ono, n'kuchibwezanso pang'onopang'ono. Kuyambira iOS 7 mu 2013, zizindikiro za mapulogalamu pa iPhone zimakhota mwa njira yachiwiriyi. Maonekedwe ake ndi apachibale ndi superellipse, yomwe katswiri wa masamu wa ku France Gabriel Lamé anaifotokoza m'zaka za m'ma 1800, ndipo Piet Hein wa ku Denmark anaigwiritsa ntchito pokonza bwalo la Sergels torg ku Stockholm.

Kuyambira iOS 13 mungasankhe cornerCurve ya continuous pa layer, ndipo RoundedRectangle ya SwiftUI ili ndi style yomweyo. Chofunika ndi kusasakaniza: mukadula ndi continuous n'kujambula mkombero ndi circular, pakona padzatsala timipata.

Ndingadziwe bwanji kuti ntchito yatheka?

Musakhulupirire kompyuta yanu yokha. Sikirini yake ndi yowala, ndipo mumaionera m'nyumba. Tengani foni yeniyeni, makamaka ya mtengo wotsika ngati za itel ndi Tecno zomwe zili m'matumba mwa anthu ambiri kwathu kuno. Pa sikirini yomwe 1dp ndi pixel imodzi ndi theka, mzere woonda umatha kuoneka wakuda mbali ina, wotumbuluka mbali inayo. Jambulani chithunzi cha sikiriniyo, muchikulitse kwambiri, muone kona zonse zinayi. Ngati pakuoneka mano ngati a sowo, yatsani anti-aliasing pa Paint yanu. Ngati kunja kwa mkombero kukuoneka kaulusi ka mtundu wamkati, lowetsani mtunduwo mkati pang'ono kuti mphepete mwake mubisale pansi pa mzere.

Kenako sinthani foni ikhale pa maonekedwe akuda. Mu UIKit, borderColor imasunga CGColor, yomwe sisintha yokha mitundu ina ikasintha, ndiye muyenera kuiikanso. Pomaliza tulukani panja masana, dzuwa lili pamutu. Malangizo a WCAG 2.1, omwe anatuluka mu 2018, amati chizindikiro chomwe munthu akudalira kuti azindikire polemba kapena pokhudza chisiyane ndi zoyandikana nacho ndi mlingo wosachepera 3 kwa 1. Kamzere kotuwa pa choyera kamakongola muofesi, koma pamsika kamazimiririka.

Kodi zonsezi n'zoyenera kutayirapo nthawi?

Inde. Taganizani za mayi amene akutumiza ndalama ya fizi ya mwana wake, ataima pamzere, maso atayamba kuchita chidima. Sadziwa radius, sadziwa strokeBorder. Chomwe akufuna n'kuona bwinobwino pomwe alembe nambala ndi pomwe akhudze, osalakwitsa ndi ndalama yomwe waivutikira mwezi wonse. Mkombero ndi umene umamuuza kuti malo ake ndi awa. Woluka lichero amathera nthawi yaitali pa mkombero, chifukwa ndi pomwe manja a wopeta amagwira. Pasikirini n'chimodzimodzi: pomwe chala cha munthu chikagwire, pamenepo ikanipo mtima.